Kusankha galu wolondera pakhomo pamene pali ana mu Blantyre

Galu wolondera pakhomo ali ndi ntchito ziwiri zikuluzikulu: kuuwa kuti a m'nyumba adzuke, ndi kuoneka moti munthu amene akusuzumira pa geti asinthe maganizo. Kuluma kumabwera pambuyo, ndipo pakhomo pamene pali ana, antchito ndi alendo, mano a galu amafika kawirikawiri pa munthu wosalakwa kusiyana ndi pa mbava. Amene amalumidwa amakhala mwana wa m'nyumba momwemo, mwana wa aneba amene walowa kudzatola mpira, mayi wogulitsa masamba, kapena wowerenga mita ya madzi. Ndiye funso loti "galu wolusa kwambiri ndi uti" lisiyeni kaye. Funso lothandiza ndi ili: ndi galu uti amene angamve mapazi usiku, n'kukhala wodekha masana pakati pa ana, amenenso thumba lanu lingathe kumudyetsa zaka khumi?

Yambani ndi puloti ndi thumba

Musanapite kukaona kagalu kalikonse, zungulirani puloti yanu ndi tepi m'manja. Mpanda wosunga galu wamkulu usachepere mamita 1.8, ndipo muyeze muli mkati. M'mapuloti otsetsereka a ku Chilomoni, Soche kapena Bangwe, mpanda umene kumsewu ukuoneka wautali umatha kukhala wofika m'chifuwa mkati chifukwa cha dothi limene anathira posalaza malo. Chotsani mulu wa njerwa, mchenga kapena mgolo umene wagundana ndi khoma, chifukwa kwa galu amenewo ndi makwerero. Kenako gwadani pa geti muone mpata wa pansi. Ngati chibakera chanu chikudutsa momasuka, kagalu ka miyezi itatu katulukira pamenepo, ndipo nyama ya poizoni ilowera pomwepo. Mabowo otulutsira madzi a mvula m'munsi mwa mpanda atchingeni ndi tizitsulo.

Ngati mukukhala nyumba ya lendi ya mdadada, mpopi umodzi ndi bwalo limodzi mabanja asanu, monga zilili malo ambiri ku Ndirande, Mbayani ndi Zingwangwa, galu wamkulu si wanu. Adzathera moyo wake pa tcheni, ndipo galu wa pa tcheni ndi amene amaluma. Kagalu kakang'ono kouwa, kogona m'nyumba, kakugwirirani ntchito yomweyo popanda kudana ndi alandilodi.

Tsopano thumba. Galu wa makilogalamu 35 amadya magalamu 400 mpaka 500 a chakudya chouma cha m'matumba patsiku, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 20 limatha pa mwezi ndi theka. Boerboel wa makilogalamu 70 amafuna magalamu 700 mpaka 800, ndipo thumba lomwelo silifika mwezi. Pitani m'sitolo mukafunse mtengo wa thumbalo, muonjezerepo mankhwala a nkhupakupa, a njoka za m'mimba ndi katemera, muone ngati ndalamayo ingamatuluke mwezi uliwonse, ngakhale mwezi wa fizi. Walira mvula walira matope.

Kuphika nokha kumatsitsa mtengo, koma nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya pazokha si chakudya cha galu wolondera. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mbale likhale la nyama kapena nsomba: usipa, bonya, za m'kati za kubutchala, mazira owiritsa. Kagalu ka mtundu waukulu kokulira mkute wokhawokha kamaoneka msanga: miyendo yakutsogolo yopindika, mimba yotupa, nthiti pamtunda. Ndiwo zotsala za anyezi wambiri zimawononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kukhala tizisonga tobaya matumbo.

Mitundu ya agalu, umodziumodzi

Galu wa lokolo timayamba naye dala, chifukwa anthu amamuderera popanda chifukwa. Agalu amenewa akhala m'madera muno kwa zaka mazanamazana, thupi lawo linazolowera kutentha, ubweya ndi waufupi, ndipo ambiri sapitirira makilogalamu 25, choncho sadya zambiri. Makutu awo ndi akuthwa ndipo sachedwa kuuwa. Vuto lawo ndi lakuti saopsa pamaso, ambiri amauwa akubwerera m'mbuyo, komanso amakonda kuyendayenda ngati mpanda uli ndi mpata. Kwa banja la puloti yaing'ono ku Machinjiri kapena Chirimba, lofuna chochenjeza chodalirika, galu wa lokolo wodyetsedwa bwino ndi wobayidwa katemera amaposa galu wachizungu wanjala. Wosakanizika pakati pa lokolo ndi German Shepherd amatenga msinkhu ndi mawu kuchokera uku, kupirira kuchokera uko. Koma musamve zoti lokolo sadwala. Parvo, matenda otsegula m'mimba magazi amene amapha tiagalu, ndi chiwewe sizisankha mtundu.

German Shepherd, amene ena amamutchula kuti Alsatian, ndiye amene amakwanira mabanja ambiri. Mtunduwu unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi Max von Stephanitz ngati galu wobusa nkhosa, ndipo khalidwe lake likuchokera pamenepo: amayang'anira gulu lake, amamvera mbusa, amauwa akaona chachilendo. Wamwamuna amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, wamkazi 22 mpaka 32. Amaphunzira msanga kwambiri, ndipo amasiyanitsa mlendo amene mwamulandira ndi munthu wolumpha mpanda. Mavuto ake ndi atatu. Loyamba ndi chiuno: ambiri mfundo ya m'chiuno siilowana bwino, ndipo akamakula amayamba kudumpha ndi miyendo yonse yakumbuyo pamodzi ngati kalulu, n'kumavutika podzuka. Matendawa ndi akumtundu, choncho onani mmene mayi ndi bambo wa kagaluko akuyendera. Lachiwiri ndi nkhupakupa: ubweya wake umazibisa, ndipo matenda a ehrlichia amene nkhupakupa zimafalitsa amamugwira mwamphamvu kuposa mitundu ina yambiri. Sankhani wa ubweya waufupi, osati wa nyenje zotalika uja amene amakongola pa chithunzi. Lachitatu ndi mantha. Agalu oswanitsidwa pachibale, bambo ndi mwana wake, amatha kutuluka amanjenje, ndipo German Shepherd wamantha amaluma mosachenjeza. Amafunanso ola lathunthu loyenda kapena kuthamanga tsiku lililonse. Mukamusiya osachita kanthu amakumba maluwa ndi kutafuna mapaipi.

Rottweiler ndi wina. Wamwamuna amafika makilogalamu 50, ndi wofatsa pooneka, sauwauwa, amangoima n'kukuyang'anani. Kuima kumeneko n'kokwanira kubweza munthu, koma kusauwa kwake kukutanthauza kuti si chochenjeza chabwino ali yekha. Amakonda kukanira mbale yake ndi chilichonse chimene wachitenga ngati chake, ndipo pakhomo pa ana okwawa zimenezi n'zoopsa ngati sanaphunzitsidwe ali wamng'ono. Ubweya wake wakuda umamwa dzuwa, moti mu Okutobala ndi Novembala amafuna mthunzi weniweni tsiku lonse. Ana a Rottweiler amafa kwambiri ndi parvo, choncho kudumphitsa katemera ngakhale mmodzi ndi kutaya ndalama. Moyo wake ndi waufupi, zaka 8 mpaka 10. Ndi galu wa munthu amene anawetapo agalu aakulu, osati woyamba kumene.

Boerboel anachokera m'mafamu a ku South Africa, ndipo malo ake ndi otakasuka ngati mapuloti a ku Chigumula, Mpemba kapena Namiwawa. Wamwamuna amadutsa makilogalamu 65. Ndi ana a m'nyumba amakhala woleza mtima, koma thupi lakelo limagwetsa mwana wa zaka zitatu pongotembenuka. Choopsa chake chenicheni n'chakuti samvetsa masewera. Mwana wanu akamalimbana ndi mnzake pa kapinga n'kukuwa, galu amaona ngati mwana wa pakhomo akumenyedwa, ndipo amalowerera. Dzifunseninso ngati aliyense wamkulu pakhomopo, kuphatikizapo amayi ndi wantchito, angathe kumugwira pa chingwe atalusa. Ngati angamuthe ndi abambo okha, ndiye kuti tsiku limene abambo apite ku Lilongwe pakhomo palibe womulamula.

Rhodesian Ridgeback ndi galu wa kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo malamulo a mtundu wake analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Amadziwika ndi mzere wa ubweya woyang'ana chakumutu pamsana pake. Amalemera makilogalamu 30 mpaka 40, ubweya ndi waufupi moti nkhupakupa imaoneka msanga, ndipo kutentha sikumuvuta. Alendo samawakonda koma sathamangira kuluma, zimene zili bwino pakhomo pa banja. Koma ndi mlenje: nkhuku, abakha ndi amphaka a aneba ali pa ngozi, ndipo amalumpha kwambiri. Nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi amamva kuzizira, ndiye amafuna chogonera chouma. Pogula kamwana kake, tsinani khungu la pakhosi ndi pamsana n'kulikweza pang'ono. Mukamva ngati kachingwe kolowa mkati, kapena kuona kabowo kokhala ndi titsitsi, ndi chilema chobadwa nacho chotchedwa dermoid sinus, chimene chimatukusira ndipo chimafuna opaleshoni.

Dobermann ndi watcheru ndi womvera, koma amafuna kukhala pafupi ndi anthu ndipo sapirira kugona panja pozizira. Belgian Malinois ndi galu wa apolisi ndi asilikali, wofuna ntchito maola angapo patsiku. Pakhomo wamba amasanduka mavuto. Pit bull amalimbana ndi agalu anzake, akagwira sasiya msanga, ndipo ambiri ogulitsidwa m'tauni makolo awo sadziwika khalidwe. Pakhomo pa ana aang'ono musiyeni. Labrador amauwa pang'ono kenako n'kugwedezera mchira aliyense, ndipo Husky, ngakhale akuoneka ngati mmbulu, salondera ndipo amazunzika ndi kutentha kwa kuno.

Njira imene imagwira bwino kuposa kufunafuna galu mmodzi woopsa ndi kukhala ndi awiri osiyana ntchito: kagalu kakang'ono, monga Jack Russell kapena ka ubweya koyera kaja kamene anthu amati Maltese, kogona m'nyumba, ndi galu wamkulu panja. Kakang'onoko tulo take ndi topepuka, kamadzutsa wamkuluyo ndi inu nomwe, ndipo popeza kali mkati palibe angakaponyere nyama.

Pa nkhani ya wamwamuna kapena wamkazi, wamkazi amakhala wopepukirapo thupi, sayendayenda ndipo savuta kumulamula, pamene kulondera amalondera chimodzimodzi. Kawiri pachaka amakhala pa nyengo yofuna amuna kwa milungu pafupifupi itatu, ndipo agalu a m'dera lonse amadzaunjikana pa geti panu. Ngati simukufuna kuswetsa, a vetenale amutseke. Kufula wamwamuna kumachepetsa kuthawathawa koma sikumulanda kuuwa. Mukafuna agalu awiri aakulu, akhale wamwamuna ndi wamkazi, ndipo asakhale a bere limodzi, chifukwa oterewa amamverana okhaokha n'kumanyalanyaza mwini wawo.

Tsiku lokagula

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp sichikuuzani kanthu, ndipo kagalu kogulitsidwa m'manja m'mbali mwa msewu kapena m'katoni simungadziwe kuti mayi wake ndani. Tiana tambiri takuda ta mawanga ofiirira timatchedwa German Shepherd kapena Rottweiler, n'kudzakula kukhala china. Pitani kumene kanabadwira, ndipo muone mayi wake ndi maso anu. Mayi woyamwitsa kuuwa mlendo n'kwachibadwa, koma mwini wake akamulankhula ayenera kudekha. Ngati akuthawira kuseri mchira uli pakati pa miyendo, kapena akuchita kumutsekera kuti musamuone, ana ake asiyeni, chifukwa khalidwe limatsata magazi.

Kagalu kasachoke kwa mayi wake kasanakwane milungu 8. M'milungu imeneyi ndi mmene kamaphunzira kwa abale ake kuti kuluma kwambiri kumathetsa masewera. Kochotsedwa pa milungu 4 kapena 5 kamakula kosadziwa kufewetsa mano.

Khalani pansi pakati pa tianato kwa mphindi khumi. Gwetsani makiyi pa simenti. Kagalu kabwino kamadzidzimuka, kenako n'kubwera kudzanunkhiza. Kamene kathawira pakona osabwereranso n'kamantha, ndipo kamene kakukwera anzake n'kumawalanda chilichonse kadzavuta pakhomo pa ana. Tengani kapakatikati. Kanyamuleni, kagonekeni chagada m'manja mwanu, kagwireni mapazi ndi makutu. Kayenera kuphiriphitha pang'ono kenako n'kugonja. Tukulani mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira, osati zoyera ngati pepala, chifukwa kuyera ndi chizindikiro cha kuchepa magazi kobwera ndi njoka kapena nkhupakupa. Kumatako kukhale kouma, m'maso mopanda manthongo. Papasani pamimba ndi m'mapazi kufufuza titupsa tokhala ndi kabowo pakati, mmene mumakhala mphutsi. Funsani khadi la katemera, ndipo khadi lenileni limakhala ndi tsiku, sitika yochokera pa botolo la mankhwala ndi siginecha ya amene anabaya. Mawu apakamwa oti "tinabaya kale" atengeni ngati sanabaye.

Galu wamkulu kale ali ndi ubwino wake: khalidwe lake mumaliona lonse, ndipo amayamba ntchito msanga. Mungathe kufunsa ku bungwe loteteza ziweto la Blantyre SPCA kapena kwa madokotala a ziweto ngati pali galu wofuna khomo. Koma galu wamkulu amene mwini wake akumugulitsa mwachangu osafotokoza chifukwa, funsani aneba ake ngati sanalumepo munthu.

Miyezi inayi yoyamba

Katemera woteteza ku parvo, distemper ndi matenda ena amabayidwa katatu: pa milungu 6 mpaka 8, pa milungu 10 mpaka 12, ndi pa milungu 14 mpaka 16. Chifukwa chobwerezera n'chakuti chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa mayi wake chimatha kufooketsa katemera woyambayo, ndipo palibe amadziwa tsiku lenileni limene chitetezocho chimathera. Wachitatu uja ndi amene anthu amakonda kudumphitsa, ndipo ndi amene amatseka mpata. Kasanamalize, kagalu kasaponde kumsika kapena m'njira zodutsa agalu ena. Parvo amayamba ndi kukana chakudya, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha kwambiri, ndipo amapha m'masiku ochepa chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho ngati pakhomo panafera kagalu ndi matendawa, musabweretse kena kosamaliza katemera.

Katemera wa chiwewe amabayidwa pa miyezi itatu, n'kumabwerezedwa chaka chilichonse. Mu Blantyre iyi si nkhani yosewera nayo. Imfa za ana odwala chiwewe zimene madokotala a ku chipatala cha Queens anaziona ndi zimene zinachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe kubaya agalu mumzinda muno mu 2015, ndipo chaka chimenecho agalu oposa 35,000 analandira katemera. Cholinga chimakhala kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, chifukwa pamenepo matendawa amasiya kufala. Mukamva kuti akubaya pa sukulu ya pafupi, pitani naye galu, ndipo khadi lake lisungeni pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Tsiku limene galu wanu adzakande mwana wa aneba, khadi limenelo ndi limene lidzakuyankhireni.

Mankhwala a njoka za m'mimba aperekeni milungu iwiri iliyonse mpaka kagalu katakwana miyezi itatu, mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse moyo wake wonse, molingana ndi kulemera kwake. Pa nkhupakupa pali mapiritsi ngati Bravecto amene amagwira milungu 12, ena a mwezi umodzi, ndi dipi wosungunula m'madzi. Dipi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ambiri, ndiye tsatirani muyezo wa agalu wolembedwa pa botolo, ndipo tiana tating'ono musatisambitse nawo musanafunse a vetenale. Oilo wakuda wa galimoto sachiza mphere, amawotcha khungu ndipo galu akamadzinyambita amamwa poizoni. Panado ndi Brufen za anthu musamupatse. Galu amene wangofooka mwadzidzidzi, nkhama zayera, mkodzo wafiira ngati tiyi, ali ndi malungo a nkhupakupa ndipo afike kwa dokotala tsiku lomwelo.

Kulera galu woti adzalondere

M'mera mpoyamba. Kuyambira milungu 3 mpaka 14 ndi pamene kagalu kamaphunzira kuti chachilendo n'chiti, chozolowereka n'chiti. Pali chikhulupiriro chakuti galu wolondera asamaone anthu, azitsekeredwa m'khola lamdima usana wonse kuti aluse. Ena amafika pomuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya, kapena kutuma anyamata kuti azimenya khola ndi ndodo. Zimene zimatuluka pamenepo ndi galu wamantha amene sadziwa kusiyanitsa mbava ndi apongozi anu. Galu amene waona anthu ambiri ali wamng'ono, ana, agogo a ndodo, munthu wa chipewa, wa njinga ya kabaza, wosenza thumba la makala, amadziwa kuti amenewa ndi a masiku onse, ndipo amazindikira msanga munthu amene akuyenda mokayikitsa. Mtima wolondera umabwera wokha pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri. Kagalu ka miyezi 6 kokonda aliyense sikanawonongeke, nthawi yake sinakwane.

Mawu oti amve ndi ochepa: dzina lake, "bwera", "khala", "siya" ndi "kukhola". Chilankhulo chilichonse chimagwira, bola onse pakhomo azitchula mofanana. Phunzitsani mphindi 5 mpaka 10 kawiri patsiku asanadye, muli ndi tizidutswa ta usipa m'thumba, ndipo mphotho ifike pakamwa pake nthawi yomweyo wachita bwino. Mukamuitana n'kumumenya atafika, mwamuphunzitsa kuti kubwera n'koopsa, ndipo tsiku limene adzathamangitse munthu sadzabwerera. Akauwa pa geti, tulukani mukaone, mumuyamikire, kenako muuzeni "siya". Galu amene amauwa usiku wonse popanda womuyankha amatopetsa aneba, ndipo inunso mumazolowera osadzukanso. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, koma zimenezo zimatheka ngati mwini wake amatuluka akamva.

Kuti asadzakanire mbale, muzidutsa pafupi akudya n'kuponyamo kanthu kokoma, kuti dzanja loyandikira mbale azilitenga ngati lobweretsa osati lolanda. Galu wamkulu adye kawiri patsiku osati kamodzi kochuluka, ndipo asathamange ola limodzi atadya. Agalu a chifuwa chakuya ngati German Shepherd ndi Ridgeback chifu chawo chimatha kupotokola chikadzaza. Mimba imatupa ngati ng'oma, galu amayesa kusanza osatulutsa kanthu, ndipo popanda opaleshoni amafa m'maola ochepa.

Khola likhale ndi pogona pokwezeka ndi bwalo lake losachepera mamita 2 mulifupi ndi 4 mulitali, pansi pa simenti yotsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka. Dothi lonyowa ndi mkodzo pamthunzi ndi pamene ntchentche zimaikira mazira a mphutsi zija. Malata opanda chotchinga pansi pake amasandutsa khola kukhala uvuni masana a Okutobala, choncho mangani pansi pa mtengo kapena ikani mphasa kunsi kwa malatawo. Galu wa makilogalamu 35 amamwa malita awiri a madzi patsiku, kukatentha kuposa apo. Khola ndi la pamene kwabwera alendo kapena amisiri, osati ndende ya maola 14. Mlonda ndi wantchito wa m'nyumba azimudyetsako ndi kuyenda naye, ndipo akabwera wantchito watsopano, mudziwitseni kwa galu inu muli pomwepo, galu ali pa chingwe, kwa masiku angapo.

Ana nawo ali ndi malamulo awo. Asayandikire galu akudya, akugona kapena ali ndi ana ake. Asamukwere pamsana, asamukumbatire pakhosi, asathamange akukuwa patsogolo pake. Mwana wosakwana zaka 6 asatsale yekha ndi galu wamkulu, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani. Galu amachenjeza asanalume: amauma thupi, amanyambita milomo, amatembenuza mutu n'kuyang'ana cham'mbali choyera cha diso chikuoneka, kenako amabangula chapansipansi. Musamumenye chifukwa chobangula. Mukamuletsa kuchenjeza, ulendo wotsatira adzangoluma.

Poizoni ndi kulumidwa

Mbava zimene zakonzekera sizilimbana ndi galu, zimamuponyera nyama yothira poizoni wa tameki. Chitetezo chodalirika si kuphunzitsa galu kukana chakudya, chifukwa agalu ochepa kwambiri ndi amene amagwiritsa phunziro limeneli mwini wawo palibe. Chothandiza ndi kumudyetsa madzulo kuti asagone ndi njala, kutseka mipata ya pansi pa geti, ndipo ngati n'kotheka kumanga kampanda ka waya mkati kotalikirana ndi khoma la kumsewu, kuti galu azilondera mozungulira nyumba osafika pamene zoponyedwa zimagwera. M'mawa uliwonse wina azungulire m'mbali mwa mpanda ana asanatuluke, chifukwa chimene chingaphe galu chingaphenso mwana wokwawa. Galu amene wadya tameki amatuluka dovu lambiri, amanjenjemera minofu, amatsegula m'mimba, timwana ta m'maso timachepa ngati nsonga ya singano, ndipo zonsezi zimayamba m'mphindi zochepa. Mkaka ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoniyo, ndipo kumuthira zamadzi m'kamwa akunjenjemera kumatha kumutsamwitsa. Mankhwala ake ndi jekeseni wa atropine amene ali ndi a vetenale, choncho nambala ya dokotala amene amayankha usiku ikhale mu foni mwanu kuyambira tsiku limene galu wafika. Valani pulasitiki m'manja pomunyamula, ndipo agalu anzake asanyambite masanzi. Galu akafa mwadzidzidzi chonchi, dziwitsani aneba ndi a chitetezo cha m'dera, ndipo usiku umenewo ndi wotsatira mugone tcheru.

Galu wanu akaluma munthu, kapena wina pakhomo akalumidwa ndi galu wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, mukuyang'ana wotchi, chifukwa kutsuka kumeneku kumachotsa tizilombo tambiri ta chiwewe tisanalowe m'mitsempha. Musathirepo dothi, mchere kapena ubweya wa galu wowotcha, ndipo musamange balalo mothina. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga khadi la katemera wa galuyo, ndipo mukadziwitsenso a vetenale. Galu amene walumayo musamuphe. Mutsekereni pa yekha, muzimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo ayang'aniridwe masiku 10. Ngati anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma, adwala kapena kufa m'masiku amenewo. Wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo kuti ayambe jekeseni ngati achipatala anena kuti ayambe, ndipo akayamba amalize masiku onse amene amulembera pa khadi.